Abambo Akuyenda pa Mapu

4 Malichi

Achemwali,

Ulesi? Ine? Mwanena kuti abambo sakuyenda chifukwa mlongo wanu ndi waulesi, kenako mwadula foni ndisanatsegule n'kamwa komwe. Chabwino. Ndakulemberani kalata, iyi muidule tione.

Moni kaye, poti abambo akundiyang'ana ndipo akuti kalata yopanda moni ndi samani ya kukhoti. Muli bwanji kumeneko? Nkhalamba zanu za kuntchito zikudya bwino? Ife kuno tilipo. Ine ndikumatabe matayala, abambo akulamulabe dziko ali pampando.

Tsopano tamverani. Munthu amene wagawa makalata m'tauni muno moyo wake wonse, wapansi, pamvula ndi padzuwa, simungangomuuza kuti tiyeni tikayende popanda kopita. Ndimayesa. Chiwagwireni sitiroko ija, mwendo wakumanzere amachita kuukoka, ndiye amachita manyazi kuti anthu amene ankawaona akuthamanga ndi chikwama awaone akukwekwereza phazi. Ndikati tiyeni, amati, "Tikupita kuti? Tikukasiya chiyani?" Ndikati adokotala ndi amene anatero, amati adokotalawo aziyenda okha. Dzulo tinafika pageti. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, ngati akudikira basi, n'kubwerera m'nyumba. Ndiwabereke?

Zija munanena, zoti akapanda kuyamba kuyenda mudzawatenga mu Juni kuti akakhale kwanu, anazimva zonse. Foni yanga mukuidziwa, imalalikira. Tiyi wawo anazizira patebulo. Kenako anandifunsa kuti, "Kwa mlongo wako kuja, zenera limatseguka?" Ndinati kaya, ife othawa sukulu satiitana ku nyumba zosanja.

Nyumba ino mukuidziwa inu. Kapu ya malemu amayi ikadali pashelefu, munthu saloledwa kumweramo. Mpando wawo unachita kuboola simenti ndi miyendo. Mukawachotsa pano ndiye kuti mwawazula.

Ndiye za ulesi zisiyeni, ndipatseni nzeru. Nesi ndinu. Ine ndimangodziwa pamene mpweya ukutulukira.

Mlongo wanu,
Sitampa

15 Malichi

Sitampa,

Kalata yako ndalandira. Ndili bwino. Abambo uwagwire dzanja m'malo mwanga. Foni sindinadule, anandiitana chifukwa agogo ena anagwa m'bafa. Za ulesi ndabweza, koma theka lokha.

Nzeru nayi. Mnzanga wina kuntchito kuno ali ndi kapulogalamu pafoni. Anthu wamba ngati iwe ndi ine amajambula ndere, zouma zija zomera pamiyala, pamakoma ndi pamakungwa a mitengo, n'kutumiza zithunzizo. Anthu ozidziwa amayang'ana n'kunena dzina lake. Akuti akufuna kudziwa kuti mtundu uti umamera kuti. Chithunzi chilichonse chimasiya kadontho pa mapu, pamalo penipeni pamene wajambulira. Ndiye akakufunsanso kuti tikukasiya chiyani, uwauze kuti pali anthu akudikira zithunzi, ndipo wogawa palibe.

Ndatumiza foni yanga yakale, zonse ndaikamo kale, pamodzi ndi kagalasi kokulitsira zinthu. Pojambula uziika kanthu pambali kuti kukula kwa ndereyo kuzioneka.

Ndikuuziretu kuti usadzati ndinakutchera msampha. Mapuwo ine ndiziwaona kuno. Timadontho tikamatalikira nyumba, ndidziwa kuti akuyenda, ndipo zowatenga ndizisiya. Tikamangozungulira pageti, mu Juni ndikubwera ndi galimoto. Si nkhanza. Ndimaona tsiku ndi tsiku zimene zimachitika mwendo ukangosiyidwa. Umauma, ndipo ukauma subwerera. Kuno a mafizo, aja owongola miyendo, ali pafupi, ndawalembetsa kale pa mzere.

Anakutcha Sitampa chifukwa uli mwana unkamatirira mwendo wawo akamapita kuntchito. Matiriranso.

Zenera limatseguka pang'ono. Zimenezo usawauze.

Achemwali ako

6 Epulo

Achemwali,

Landirani moni wochokera kwa wasayansi. Muzinditchula bwino masiku ano. Muli bwanji? Mutiuze ngati agogo a m'bafa aja anadzuka.

Tsiku loyamba anakana. "Ndere? Ndiyende msewu wonse chifukwa cha litsiro la pakhoma?" Ine sindinalimbane nawo. Ndinangowatengera kuseri kwa nyumba yathu yomweyi, n'kuika kagalasi pa kachigamba ka mtundu wa lalanje kaja kali pakhoma pafupi ndi mpopi. Ndinati tangoyang'anani, mukapanda kuona kanthu ndikagulitsa galasili. Anawerama. Achemwali, anakhala chiweramire mpaka ndinaganiza kuti sitiroko yabweranso. Kenako anati, "Muli timbale umu. Wina wasanja timbale." Ndinayang'ana nanenso, zoona, timbale ting'onoting'ono, tina todzaza tina topanda kanthu. Anati, "Zaka zonsezi ndimatsamira khoma ili pomanga nsapato."

M'mawa mwake ndinawapeza atavala kale chipewa chawo cha kuntchito chija, akundidikira ndi ndodo. Akuti ndachedwa.

Sayenda chisawawa ayi. Amakonza njira ngati akugawa makalata: mbali iyi ya msewu popita, mbali inayo pobwera, osadumphadumpha. Zoika kanthu pambali zija, ine ndinatenga kapepala, iwo anakana. Amaika chala chawo chachikulu cha dzanja labwinoli. Akuti chala chawo chidziwike kunja. Ndiye mukaona chikhadabo chokhuthala ngati chivindikiro cha botolo pa chithunzi chilichonse, ndi bambo anu amenewo.

Pali mkulu wina amene amatiyankha kawirikawiri. Pa kachithunzi kake ndi ndevu zokhazokha, maso sindinawapeze, ndiye timamutcha Andevu. Amalemba maina aatali ngati njanji. Ndikamawawerengera abambo ndimadziluma lilime, iwo n'kumati, "Ukanapitiriza sukulu." Ndiye anayamba kupereka maina awo. Ya lalanje ija ndi Dzimbiri. Yotuwa yosendeka m'mbali ndi Penti Wotchipa. Pa mtengo wa khungwa losalala uja wa pafupi ndi kiliniki tinapezapo ina yooneka ngati munthu walemba ndi pensulo, timizere takuda tokhotakhota. Abambo anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Iyi ndi adiresi, koma analemba ndi munthu wa dzanja ngati lako." Andevu anasangalala nayo imeneyo, akuti m'dera lathu lino palibe amene anaitumizapo.

Kuntchito kwathu kulibe ndere olo imodzi. Andevu akuti zambiri sizikonda utsi wa magalimoto. Abambo akuti ngakhale ndere zili ndi nzeru yosankha ntchito.

Anthu akutiseka, musadandaule. Mayi a pagolosale anatifunsa ngati tataya kiyi. Mlonda wa ku sukulu anatithamangitsa, akuti tikuyeza mpanda kuti tidzadumphe. Abambo anamuuza kuti, "Iwe, kalata yofunsira mkazi wakoyo ndinabweretsa ndine." Anatibwereka mpando.

Amapuma pafupipafupi, ndipo phazi likukwekwerezabe, koma Lachisanu tinafika pa mlatho. Onani pa mapu anuwo. Theka la ulesi lija mubweze.

Wanu wasayansi,
Sitampa

2 Meyi

Azakhali,

Moni. Ndikhulupirira maondo akukulolani kufika ku tchalitchi. Mudabwa kuti kalata yachokera kwa ine, poti munati ndinasiyana ndi cholembera tili pa udani. Ndalemba chifukwa ndasowa wina womuuza. Chonde achemwali asamve kaye.

Mukudziwa kuti achemwali anati abambo akapanda kuyenda adzawatenga akakhale ku nyumba yawo yosanja. Anatitumizira foni yojambulira ndere za pamakoma. Tikajambula, pa mapu pamakhala kadontho, iwo amaona ali komweko n'kudziwa kuti mchimwene wanu wayenda mpaka pati. Zinkayenda bwino ndithu.

Mkati mwa Epulo anagwa. Tinali pa mlatho mvula itangokata, anaona ndere pansi pa chitsulo n'kuwerama ndisanawagwire. Ku kiliniki anati palibe chothyoka, apume masiku angapo. Masiku angapowo ndi ano. Azakhali, akuopa pansi. Ndikawaimika amagwira chitseko ngati simenti ndi madzi. Anachoka pampando, tsopano ali pabedi, ndipo mwendo uja wayamba kupindika. Ndikauwongola amanditukwana ndi mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa.

Sabata yoyamba anandiitana n'kundipatsa foni.

"Tenga, uyende njira yanga."

Ndinati, "Abambo, achemwali aziganiza kuti ndinu."

"Ndiye?"

"Ndiye ndi bodza limenelo."

"Kalata ikafika, munthu amafunsa kuti wabweretsa ndani? Mlongo wako amaona timadontho, saona miyendo. Mwendowu ukangobwerera ndipitiriza ndekha. Kapena ukufuna ndikafere m'mwamba ngati nyerere ya m'kabati?"

Ine mumandidziwa, pakamwa sindigonja. Koma apa ndinagonja. Ndinatenga foni.

Ndiye masana abwana akapita kukadya, ndimakwera njinga. Abambo amandilangiza ali gone: kuseri kwa positi ofesi yakale, khoma losaona dzuwa, pansi pa paipi yodontha. Ndikafika ndimazipezadi. Tauni yonseyi ili m'mutu mwawo, khoma ndi khoma. Chala changa sindingaike pa chithunzi, ndi chakuda ndi matayala ndipo achemwali anachimenyapo kokwanira kuti achizindikire. Ndimaika kamtengo ka machesi. Ndikatha ndimapala kachidutswa, n'kuika m'bokosi la machesi lomwelo, kuwabweretsera. Amayang'ana ndi kagalasi ali pabedi, n'kumandifunsa kuti geti la nyumba yakuti analipenta, galu wa kwa akuti akadalipo. Nthawi imeneyo yokha ndi imene amaseka.

Achemwali akaimba foni, abambo amakweza mawu, "Ndili bwino, ndatopa ndi kuyenda," n'kundibwezera. Ine ndimayamba nthabwala mpaka achemwali atope.

Ndichite chiyani? Ndikaulula, awatenga, ndipo abambo sadzandiyang'ananso. Ndikakhala chete, mwendo ukupita. Ndi mchimwene wanu, inu amakuopani. Bwerani mudzawakalipire, kapena ndiyankheni msanga.

Mwana wanu,
Sitampa

19 Meyi

Sitampa,

Moni mlongo wanga. Theka lija ndabweza, ndawonjezera ndi chiwongola dzanja.

Dzulo pa nthawi yopuma ndinatsegula mapu, ndinaona kadontho pa thanki ya madzi. Pamwamba pa chitunda paja. Ine ndemwe ndili mtsikana ndinkafika pamenepo ndikupuma ngati galu. Ndinalira, anzanga mpaka anadabwa. Ndinawaonetsa onse, ndi a mafizo omwe. Mmodzi anati bambo anuwo ndi chitsulo.

Ndiye ndachita zinthu ziwiri. Dzina lawo ndalichotsa pa mzere wa a mafizo, malowo apatse wina amene akuvutika. Chachiwiri, tchuthi changa cha mu Juni ndampatsa mnzanga amene mwana wake akuyembekezera kuchira mwezi umenewo. Ine ndidzabwera mu Disembala, ndidzakhala nthawi yaitali. Uwauze kuti nkhani yowatenga yatha. Akhale m'nyumba mwawo. Ndinalakwa kuwaopseza, koma mwina kuopsezako n'kumene kwawadzutsa.

Usawathamangitse kwambiri. Pa chitunda uziwagwira mbali yofookayo. Nsapato zawo zikadali zabwino pansi? Undiuze nditumize zina.

Pafoni amangonena mawu awiri n'kuthawa. Uwauze andilembere okha, ngakhale mzere umodzi. Ndasowa dzanja lawo.

Achemwali ako

30 Meyi

Achemwali,

Moni. Tilipo.

Nsapato musatumize, zimene ali nazo sizikutha.

Tchuthi chija simungachitengenso? Mwana wa mnzanuyo sangachire popanda amayi ake kuima pakhomo? Sikuti pali vuto. Kungoti Disembala ndi kutali, ndipo ine ndatopa kuona nkhope imodzi yomweyomweyo, nawonso atopa ndi yanga. Bwerani olo Loweruka ndi Lamlungu lokha. Ndikuphikirani, mukadwala ndinu nesi.

Uthenga wanu ndinawauza, woti nkhani yowatenga yatha. Anatseka maso n'kunena kuti, "Waona?" Ine sindinaone kanthu.

Mzere munapempha uja uli pansipa. Alemba okha, ine ndangogwira pepala.

Sitampa

Mwanawe, ndili bwino. Usavutike ndi ulendo. Bambo ako.

14 Juni

Mwana wanga Sitampa,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kalata iyi ndikulemba kachiwiri. Yoyamba ndinalemba sabata yomweyo imene yako inafika, ndinampatsa mdzukulu wanga kuti akaponye. Lero ndikuchapa ndaipeza m'thumba la yunifolomu yake, yafewa ngati nsanza. Ndamukalipira, koma mwezi wapita.

Kubwera sindingathe, maondo akana basi.

Uuze mlongo wako lero lomwe. Usadikire mawa. Bambo ako ndinakula nawo, ndimawadziwa. Ali mnyamata anabisa chilonda cha kuphazi mpaka chinayamba kununkha, chifukwa ankaopa kuti amuletsa mpira. Munthu ameneyo ukamumvera pa nkhani ya thupi lake, umuika m'manda akukuthokoza.

Akwiya, inde. Asiye akwiye. Iwe si amene unawagwetsa, ndipo si iwe nesi. Katundu ameneyu wakulemera chifukwa si wako wekha.

Undiyankhe kuti wamuuza.

Azakhali ako

23 Juni

Sitampa,

Sindikufunsa kuti uli bwanji. Foni yanga sukuyankha, ndiye werenga.

Chithunzi chimene watumiza Lachitatu ndachiona. Andevu ako alemba pansi pake, poyera, aliyense akuwerenga. Akufunsa kuti ndere imeneyi yamera bwanji m'nyumba, poti kadontho kali pa nyumba yathu koma mtundu umenewu umamera pa mwala wa padzuwa. Akupemphanso mwaulemu kuti musamazipale, chifukwa kachigamba kofanana ndi chikhadabo kamatenga zaka kuti kakule.

Iwo aona ndere. Ine ndaona zimene zili pansi pake. Bulangete la abambo lamizere lija. Pakona pakuoneka pulasitiki yoyala pa matiresi. Ndimayala mapulasitiki amenewo tsiku lililonse, Sitampa. Sitiyalira munthu amene amakwera chitunda cha thanki. Timayalira munthu amene safika ku chimbudzi.

Ndabwerera m'mbuyo, chithunzi ndi chithunzi. Chala chawo chinasiya kuoneka mu Epulo. Kuyambira pamenepo ndi kamtengo ka machesi. Ndakhala pansi m'chipinda chosungira mankhwala ndikuwerenga timadontho timene ndinkaonetsa anzanga, ndipo tonseto unali iwe pa njinga.

Ndikufuna kukukalipira mpaka pepala lithe. Koma kamtengo ka machesi kaja ndinakaona kalekale. Ndinakaona, ndinadabwa, ndinatseka foni. Mzere uja analemba abambo, zilembo zikutsetsereka ngati munthu wolemba chagada, ndinauonanso. Iwe unandipempha kuti ndibwere Loweruka, ine ndinati mwana uyu akufuna womuchapira. Zinkandikomera kuti ali bwino. Ndinali nditatopa, ndipo mapu ankandiuza zimene ndinkafuna.

Miyezi iwiri mwendo uli chipindikire. Ukudziwa tanthauzo lake? Ukanandiuza sabata imene anagwa, bwenzi pano akuyenda ndi ndodo.

Ndapempha masiku kwa akuluakulu. Ndifika Loweruka ndi galimoto. Uwatembenuze pafupipafupi, uyang'ane kumsana ndi m'zidendene ngati pali pofiira. Uwalongedzere zovala. Uwauze kapena usawauze, izo ndi zako.

Achemwali ako

9 Ogasiti

Abambo,

Moni, kuti musati ndi samani ya kukhoti. Muli bwanji kumeneko? Chilonda cha kumsana chija chikuuma? A mafizo akukuzunzani mokwanira? Achemwali akuti mumawatukwana mwaulemu, mumayamba ndi "pepani."

Aka n'koyamba kukulemberani. Moyo wanga wonse mwakhala chipinda chinacho, ndikafuna kunena kanthu ndimangokuwa. Adiresi ndalemba bwinobwino ndi zilembo zazikulu, musanyoze.

Kuno kuli zii. Ndimaphikabe tiyi wa anthu awiri, wotsalayo ndimamwa ndekha masana atazizira. Mayi a pagolosale akufunsa. Mlonda wa ku sukulu akufunsa. Ndimawauza kuti munakwezedwa pantchito, muli ku likulu. Kapu ya amayi ili pomwe ili. Mpando wanu sindikhalapo, koma ndinauyesa kamodzi, ndi wokomadi.

Tsiku lija tikukunyamulani kupita m'galimoto, ine ndagwira kumapewa, achemwali kumiyendo, munandifunsa funso pansipansi kuti iwo asamve. Munati, "Chithunzi cha pabedi chija, unachita dala?" Ine ndinati samalani mutu pa chitseko. Simunandiyang'anenso mpaka galimoto inakhota.

Yankho ndi ili. Kalata ya azakhali inali itafika, yondiuza kuti ndiulule tsiku lomwelo. Ndinatenga foni kuti ndiimbe, ndinaibweza m'thumba. Ndinatenga pepala, ndinalemba moni yekha. M'mawa mwake ndikukusinthani zofunda ndinaona pofiira paja kumsana, ndinakhudza, inu simunamve. Kenako munati ndijambule ndere ija ndinabweretsa kuchokera ku miyala ya kuseri kwa thanki, poti inakusangalatsani. Ndinajambula ili pabulangete. Pulasitikiyo ndinaiona ndisanatumize. Ndikanatha kuidula, kudula zithunzi ndimadziwa. Ndinatumiza choncho.

Pakamwa panga pamene pamalankhula tsiku lonse panalephera mawu atatu, mpaka ndinatuma pulasitiki. Chimene chimandiwawa si choti ndinatumiza ayi. N'choti ndinatumiza mu Juni. Achemwali akuti a mafizo anena kuti mwendowo mwina ufika poimirira pogwira tebulo, koma za msewu tiiwale. Ndikanakukanani tsiku lija munandipatsa foni, mukanakwiya sabata imodzi, achemwali akanabwera, ndipo mwina bwenzi pano muli pa mlatho mukundinena kuti ndachedwa. Ndinkaganiza kuti ndikukusungirani nyumba. Ndinayenda ine, inu n'kuuma.

Andevu ndinawapepesa zopala zija. Ndinawafotokozera zonse m'chizungu changa cha matayala. Anayankha kuti akupereka moni kwa mwini chala, ndipo akufunsa ngati tipitirize, poti kuno kulibe wina wotumiza. Sindinawayankhe. Foni ili m'kabati. Dzulo ndinadutsa kuseri kwa positi ofesi, pamene ndinapala paja pakadali chipsera choyera, sipanamerenso.

Ndiye ndiuzeni, bwana wa njira ndinu. Ndipitirize kapena ndisiye? Ndipo ngati mukadali okwiya, nenani kuti ndidziwe kukula kwake. Ikani chala pambali.

Mwana wanu,
Sitampa

20 Ogasiti

Sitampa,

Moni. Tilipo. Chilonda chatsala pang'ono kutseka. Akudya, koma amasiya theka. Usiku amagona bwino, masana ndi amene amatalika, chifukwa ine ndimakhala kuntchito ndipo mayi amene amawayang'anira sakonda kucheza.

Kalata yako anakana kuti ndiwawerengere. Anayamba ayang'ana envulopu, kutsogolo ndi kumbuyo, akuti sitampa waimata mopendama. Kenako anawerenga okha ndi kagalasi kaja, mzere ndi mzere. Anatenga nthawi. Atamaliza anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya. Ine ndinaiwerenga atagona. Usandifunse kuti ndikuganiza chiyani, nanenso ndili ndi zanga zondiwawa. Ndimangoti tonse atatu tinagwirizana bodza limodzi popanda kukhala pansi.

Lamlungu anandidabwitsa. Anati ndiwaveke chipewa cha kuntchito, ndiwatsitse pansi. Chibwerereni anali asanapemphepo kutuluka. Ndinawakweza pa njinga yawo ya olumala, tinatsika pa chikepe, ndinawazungulitsa nyumba yonse. Anati ndiziyenda pafupi ndi khoma, mbali iyi popita, mbali inayo pobwera. Paliponse amati ima, n'kuika kagalasi. Pa mpanda, pa masitepe, pansi pa paipi, pa timitengo tatsopano ta poimika magalimoto. Ine ndinkangokankha. Kumapeto tinapeza bambo wosamalira malo ali ndi paipi ya madzi ndi burashi yaitali. Abambo anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kubweza kagalasi m'thumba. Anati tibwerere.

Bwera udzawaone mwezi wa mawa. Pogona palipo, pansi. Za foni ija chita zimene ukuona, ine mapu ndinachotsa.

Achemwali ako

Ndisanamate envulopu ndawafunsa kuti, nanga mwana wanu ndimuyankhe chiyani, wafunsa mafunso awiri. Ayang'ana pa zenera. Ndimati sayankha, ndiye anena, ndipo ndalemba momwe anenera:

"Umuuze kuti kuno makoma amawatsuka."